Sitolo ya Ngodya Zinayi

Sitolo yanga ilibe chitseko, ilibe loko.
Ndi chitenje chabe, cha maluwa osuluka,
choyalidwa pa fumbi la msewu wa Lumumba
pakati pa ngalande ndi matayala a minibasi.
Ndinaphunzira kuitseka ndi mpweya umodzi:
ngodya, ngodya, ngodya, ngodya,
pamutu, liwiro.

Atambala a ku Kanyama asanayambe
ine ndili kale pa Soweto, tochi ya foni kukamwa,
kufinya matimati m'bokosi la mlimi wa ku Chongwe
amene waika osalala pamwamba, olira misozi pansi.
Wa wilibala afuna yake.
Mnyamata wa pa geti, sindidziwa anamulemba ndani,
nayenso afuna yake.
Dzuwa lisanaone mulu wanga woyamba
ndadyetsa kale amuna atatu.

Mulu faifi kwacha! Mulu faifi kwacha!
mpaka mawu asasa ngati wailesi yotha mabatire.
Mayi wa m'galimoto atsitsa galasi pang'ono,
pongokwana dzanja la mphete ziwiri,
asankha, abweza, asankhanso,
kenaka, ikako mbasela.
Ndiikako. Ndimwetulira.
Mano ndiwo okha sindilipirira msonkho.

Kumanja kwanga Dailesi agulitsa masokosi a salaula,
khanda lake ligona m'katoni ya maapozi
litazolowera mahutala ngati nyimbo ya amake.
Kumanzere Akilasi, machaja a foni ali m'khosi ngati mikanda,
maso ake sakhala pa kasitomala,
akhala uko ku mphambano.
Iye akaimba mluzu, msewu wonse unyamuka.

Lachiwiri lija mluzu unachedwa.
Lole ya khonsolo inatulukira kumbuyo kwa basi,
ndinagwira ngodya zitatu, yachinayi inandikana.
Matimati anamwazika pa tala,
nsapato zakuda zinapondaponda,
msewu unafiira ngati pachitika ngozi.
Inalidi ngozi, koma ambulansi siibwerera mpamba.
Madzulo ndinagogoda kwa a Zgambo a kaloba,
analemba dzina langa m'kope mwao
pansi pa dzina langa la mwezi watha.

Akuti tidetsa mzinda.
Akuti lowani m'misika, matebulo alipo.
Ndinalowamo, mzere wa kumapeto pafupi ndi zimbudzi,
masiku asanu ndi anayi kugulitsa kwa ntchentche.
Mvula ikagwa, kolera ikatchulidwa pa wailesi,
zala zonse ziloza ife,
pamene madzi a m'ngalande alowa m'nyumba mwanga
osagogoda, kufika m'mawondo,
ndipo palibe lole yobwera kudzawathamangitsa.

Dzuwa likapendeka kuseri kwa City Market
ndimasula mfundo, ndiwerenga:
ya chilimba, ya a Zgambo, ya basi ndiyenda pansi,
kapamela ka ufa, kapulasitiki ka makala.
Tikambenji afuna kope la masamu.
Mawa, mwanangu. Mawa lija la dzulo.

Dzulo lomwe, mdima utayamba,
kunabwera bambo wa malaya a buluu, wolankhula motsitsa,
anati mwezi wakula, ana sanadye,
mundikongozeko mulu umodzi.
Nkhope sindinaidziwe.
Ndinadziwa nsapato.
M'mphepete mwa chidendene munali mutauma njere za matimati.
Ndinamuyang'ana nthawi yaitali.
Dailesi ananditsina pa ntchafu.
Ndinamupatsa ofewa aja, otsala,
mbasela sindinaike.

Usiku ndikutumula sitolo yanga pakhomo,
fumbi la Lumumba ligwera m'matope a Kanyama.
Magetsi apita. Ndifunditsa ana chitenje chomwecho,
chinunkha anyezi ndi utsi wa dizilo,
wamng'ono akoka ngodya imodzi, wamkulu akoka ina.
Ine ndigona khutu limodzi lili panja,
miyendo ikuthamangabe,
kudikira mluzu wa Akilasi.